Nyimbo zikamadukaduka m'galimoto, wailesi musaiimbe mlandu msanga

Dandaulo la eni magalimoto ndi lomwelomwe: nyimbo zochokera pa foni zikudukaduka m'galimoto, ndiye kuti wailesi yatha, tigule ina. Mwa mavuto amenewa, ochepa kwambiri ndi amene amachokera mu wailesimo. Ambiri ali mu foni, mu chaja kapena pa netiweki, ndipo kuwapeza sikufuna sikuludiraiva.

Yambani ndi kuyesa kumodzi kokha. Sungani nyimbo imodzi mu foni momwemo, tsegulani airplane mode, kenako muyatse Bluetooth yokha n'kuyimba nyimboyo. Ikayenda bwinobwino, nthawi zambiri vuto ndi netiweki. Spotify kapena YouTube imakoka nyimbo pa intaneti pang'onopang'ono, ndipo mukadutsa malo amene netiweki yafooka, monga m'zigwa ndi m'mapiri a mumsewu wa M1, nyimbo imaima. Mankhwala ake n'kudawunilodiratu musananyamuke.

Ngati vuto si kufooka kwa netiweki, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi hotspot. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, pomwenso pamayenda Wi-Fi ya mafoni ambiri, choncho mukamagawira anzanu m'galimoto bandulo, ziwirizi zimalimbirana njira. Chachiwiri ndi chosungira batire. Mafoni a Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung amapha mapulogalamu ogwira ntchito sikirini ikazima. Ngati nyimbo imaima patangopita mphindi zochepa foni ili m'thumba, lowani pa Battery, musankhe pulogalamu yanu ya nyimbo n'kuichotsera malire. Fufutaninso mafoni akale amene wailesi inawasunga, a mwini galimoto wakale ndi a achibale onse, kenako mulumikize foni yanu mwatsopano.

Pamene anthu ambiri amataya ndalama ndi pa magalimoto ochokera ku Japan, ma Sienta, ma Vitz, ma Fit ndi ma Demio. Mawailesi ena akale a m'magalimoto amenewa ali ndi Bluetooth yoyankhira foni basi, yotchedwa HFP, koma alibe A2DP imene imanyamula nyimbo. Foni imalumikizana bwino, kuyimbirana kukutheka, koma nyimbo zii. Apa palibe chokonza, wailesiyo inapangidwa choncho. Mwiniwake amakagula kachipangizo kolowetsa poyatsira ndudu kotumiza nyimbo kudzera pa FM, n'kudabwa kuti sikakugwira. Wailesi ya ku Japan imayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, zatsopanoko zimafika 95, pamene kachipangizoko kamayambira pa 87.5 kufika 108. Malo okumanirana ndi ochepa. Kaikeni pakati pa 87.5 ndi 90, pamalo opanda siteshoni. Ngati galimotoyo anaiika band expander, kachipangizo kothandiza wailesi ya ku Japan kugwira masiteshoni a kuno, manambala a pa wailesi sagwirizananso ndi a pa kachipangizoko, ndiye muyenera kufufuza pamanja mpaka mupeze.

Kulira kwa tswiii kumene kumakwera mukaponda mafuta kumachokera ku alitaneta. Kumamveka foni ikalumikizidwa ndi waya wa AUX uku ikutchaja pa galimoto yomweyo. Zulani chaja, phokoso likatha mwapeza gwero. Kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, koika pakati pa foni ndi AUX, kamathetsa zimenezi. Machaja otchipa nawonso amasokoneza FM.

Mabatani a pa chiwongolero akamakana kusintha nyimbo, kapena dzina la nyimbo likamakhala lomwelo, ndi nkhani ya AVRCP, mbali ya Bluetooth yolamulira mabatani ndi mayina a nyimbo. Pa Android, lowani pa About phone mu Settings, dinani Build number ka 7 kuti Developer options ituluke, mutsitse AVRCP kufika pa 1.4 kapena 1.3, muzimitse foni n'kuyatsanso. Momwemo muli Disable absolute volume, yothandiza mawu akamatsika okha. Zina zonse m'menemo musazikhudze.

Tsopano za amakaniko a pansi pa mtengo. Munthu akangomva kuti nyimbo zikudukaduka n'kuthamangira kuchotsa waya wa batire kuti "wailesi iyambirenso", mugwireni dzanja. Mawailesi ambiri a Toyota ochokera ku Japan, magetsi akachoka, amafuna nambala yachinsinsi kapena khadi la SD la mapu kuti adzukenso, ndipo khadilo nthawi zambiri linasowa kalekale galimoto isanafike kwa inu. Mumabwera ndi wailesi yodukiza nyimbo, mumabwerera ndi sikirini yolemba Chijapani chokhachokha, yopanda ngakhale FM. Choopsa kuposa apo ndi wodula mawaya kuseri kwa dashibodi n'kuwapotokola ndi tepi, kapena woika waya m'malo mwa fyuzi yopsa. Fyuzi ikapsa kawiri nthawi zambiri pamakhala waya wokhudzana ndi chitsulo penapake, ndipo zimenezo siziyembekezera malipiro a mwezi wamawa. Mukamva fungo la pulasitiki wopserera, zimitsani injini pomwepo, mupite nayo kwa wodziwa zamagetsi a galimoto amene ali ndi mita yoyezera.