Filimu yachikondi yoseketsa si yoyambira aulesi

Ndatopa nawo mawu awa: "Aphunzitsi, tiyambe ndi filimu yachikondi yoseketsa, ndiyo yosavuta." Achinyamata amene ndimawaphunzitsa kulemba masewero kuno ku Dedza amabwera nawo chaka ndi chaka. Kwa iwo, ukapeza mtsikana wokongola, mnyamata wotchena ndi chidakwa chimodzi chogwera m'ngalande, filimu yatheka. Ayi ndithu.

Munthu wokhala pa benchi mu vidiyo sho amadziwa kale kuti awiriwa akwatirana. Chimene walipirira ndi kuona chowatchinga, ndipo phwete limachokera pomwepo. Mu It Happened One Night, filimu ya Frank Capra ya 1934, Clark Gable ndi Claudette Colbert akakamizika kugona chipinda chimodzi asali pabanja, ndiye mwamunayo apachika bulangete pa chingwe pakati pa mabedi awo. Woonera amangodikira tsiku limene bulangetelo ligwe. Filimuyo idatenga mphoto zisanu zikuluzikulu za Oscar. Pofika 1989, mu When Harry Met Sally imene adalemba Nora Ephron, chotchinga chidalowa m'mitima: awiriwo akuopa kuti chibwenzi chiwononga ubwenzi wawo. Ku Nigeria, The Wedding Party ya 2016 idadzaza makanema chifukwa cha apongozi, banja lachiyoruba ndi lachiigbo kulimbana pa tsiku laukwati.

Nanga ife zotchinga zatisowa? Mkamwini kulowa m'thengo pozemba apongozi panjira. Ankhoswe osamvana. Amalume okana mwamuna chifukwa alibe dimba. Mnyamata wa ku Lizulu amene bwenzi lake likhala kutsidya kwa msewu, komwe ndi ku Mozambique kale. Koma ana athu akulemba za mabwana a maofesi a magalasi amene sadawapondemo.

Imandipwetekabe nkhani ya mtsikana wina wa ku Ntcheu. Adalemba sewero la mnyamata wobwera kuchokera ku Joni, chimanjamanja, akunamizira kuti katundu ali m'njira, pomwe mtsikana wake akudziwa zonse koma akumubisira manyazi kwa makolo. Ndidaseka mpaka misozi, kenako chifundo chidandigwira. Ndidamuuza kuti akonze kaye chigawo chapakati. Sadadikire. Kudabwera bambo wina wa kamera yaikulu, wodzitcha dairekita, nati nkhaniyo ndi yachimidzi. Adachotsa makolo aja, naikamo galimoto yobwereka ndi kutukwanizana. Gulu lonse lidasonkha ndalama za mbatata ya kachewere. Chidatuluka nchosamveka ndi mawu omwe, mphepo yokhayokha, ndipo bamboyo foni sayankhanso. Mtsikanayo adasiya kulemba.

Anthu otere achuluka, ndipo amadziwa kuti mbatata ikagulidwa achinyamata ali ndi kangachepe. Wina akakuuzani kuti ndi katswiri, akuonetseni filimu imene adamaliza, muionere yonse, mumve ngati mawu akumveka. Akafuna ndalama asanawerenge sewero lanu, mubwezeni. Ndipo musanabwereke kamera, werengerani anthu a kumsika sewerolo mokweza, aliyense wa inu atenge gawo lake. Pamene ayambe kuyang'ana mafoni awo, lembani chizindikiro, mukakonze pamenepo.