Kambalame ka Edward Wilson m'kanyumba ka ku Cape Adare

Mu 2016, akatswiri a bungwe la Antarctic Heritage Trust anali kukonza katundu wakale mumzinda wa Christchurch ku New Zealand. Katunduyo anachokera m'tinyumba ta matabwa ta ku Cape Adare, pa gombe la Antarctica, timene tinamangidwa mu 1899 ndi gulu la Carsten Borchgrevink wa ku Norway. Pakati pa zinthuzo panali mulu wa mapepala ochita chuku, odzaza fumbi ndi zitosi za mbalame za penguin. Mayi Josefin Bergmark-Jimenez, amene ntchito yawo ndi yosamalira mapepala akale, atafunyulula muluwo anapeza chithunzi chojambula ndi utoto wosungunula m'madzi, chowala ngati chajambulidwa dzulo. Chinali chithunzi cha kambalame kakufa, kogona chagada, miyendo itapindikira m'mwamba. Pa pepalapo panalembedwa dzina la mbalameyo, Tree Creeper, chaka cha 1899, ndi chilembo chimodzi chokha, T.

Chodabwitsa n'chakuti kambalameka kamakhala m'nkhalango za ku Ulaya, kumene kamakwera thunthu la mtengo kufunafuna tizilombo m'makungwa, pamene ku Antarctica kulibe mtengo ngakhale umodzi. Chakacho chinkaloza kwa anthu a Borchgrevink, koma kanyumbako kanagonamonso anthu ena mu 1911, gulu la amuna asanu ndi mmodzi la ulendo wa Robert Falcon Scott lotsogoleredwa ndi Victor Campbell. Yankho linabwera pamene mayiwo anapita kukamvetsera nkhani yonena za Dr. Edward Wilson, dokotala ndi katswiri wojambula amene anayenda ndi Scott, pa yunivesite ya Canterbury. Zithunzi za Wilson zitaonetsedwa, iwo anazindikira kalembedwe ka dzanja lake, ndipo chilembo chija chinagwirizana ndi dzina lakuti Ted, limene abale ake ankamuitana nalo.

Wilson anabadwa pa 23 Julayi 1872 ku Cheltenham ku England. Anaphunzira ku Cambridge, kenako anapita kukaphunzira udokotala pa chipatala cha St George's ku London, kumene anadwala chifuwa chachikulu mu 1898. Masiku amenewo matendawa analibe mankhwala enieni, choncho anatumizidwa ku Norway ndi ku Switzerland kuti akapume mpweya wabwino wa kumapiri. Ofufuza akukhulupirira kuti chithunzichi chinajambulidwa m'nyengo imeneyi ya kuchira kwake. Kwa ine mfundo iyi ndi imene ikupatsa chithunzichi kulemera, chifukwa mnyamata amene sankadziwa ngati mapapo ake apola anakhala pansi ndi kujambula nthenga iliyonse ya kambalame kakufa mosafulumira, mwaulemu, monga munthu amene imfa waiyang'ana kale m'maso.

Atachira anapita ku Antarctica kawiri pamodzi ndi Scott, koyamba pa sitima ya Discovery mu 1901, kachiwiri pa Terra Nova mu 1910, pamene anali mkulu wa asayansi. M'nyengo ya mdima ya 1911 iye, Henry Bowers ndi Apsley Cherry-Garrard anakoka katundu wawo pa madzi oundana kwa milungu isanu kupita ku Cape Crozier ndi kubwerera, n'cholinga chotenga mazira a penguin zazikulu, ndipo anabwera nawo atatu. Pa 17 Januwale 1912 Wilson anafika ndi Scott ku South Pole, malo a kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, koma anapeza kuti Roald Amundsen wa ku Norway anali atafika kale mwezi wathawo. Pobwerera, njala ndi mphepo ya chisanu zinawatsekera m'tenti pa mtunda wa makilomita 18 okha kuchokera pamene anasiya chakudya, ndipo Wilson, Scott ndi Bowers anamwalira kumapeto kwa Malichi. Matupi awo anapezeka mu Novembala chaka chomwecho.

Wilson sanali m'gulu la Campbell limene linagona ku Cape Adare, choncho sizikudziwika bwino kuti chithunzicho chinafika bwanji kumeneko. Chinasungika bwino chifukwa chinapanikizika pakati pa mapepala ena, mumdima ndi m'kuzizira, kutali ndi kuwala kumene kumasulutsa utoto wotere. Bungwelo linalengeza za chithunzichi mu Juni 2017, ndipo popeza malowo ndi otetezedwa pansi pa pangano la mayiko lokhudza Antarctica, chilolezo chimene anatengera katunduyo chinalamula kuti akamaliza kumukonza, yense abwezedwe ku tinyumba tomwe tija.