Khwekhwelere si malo oyesera Subaru yanu ngati brake fluid simunasinthe

Mwezi uno wokha anthu atatu abwera pa galaja ndi nkhani imodzimodzi, "bwana mabuleki anangothawa ndikutsika phiri koma pano akugwira bwinobwino, mwina inali mphepo chabe." Mphepo yake iti? Ndatopa nazo ine, ndiye lero ndilembe kamodzi kuti wina akabweranso ndizingomuonetsa pa foni.

Ndisaname, inenso ndimaikonda misewu yokhotakhota. Kutsika pa Khwekhwelere, kuchoka pa Masasa kulowera ku Golomoti, mmawa dzuwa likungotuluka, chigwa chonse chili pansi apo, galimoto ikumvera chiwongolero, palibe munthu wamagazi amene sangamve kukoma. Kukwera ku Chawe pa Zomba, kutsetsereka ku Chikwawa, pa Chiweta paja, kulikonse kuli kukoma kwake. Anyamata a ma Subaru, ma Altezza, ma Mark X ndi ma Golf GTI sindikukuletsani, ndimadyera momwemo. Koma mumathira ndalama pa ma rim, pa exhaust yophokosera ndi ma speaker, kabotolo ka brake fluid kotchipa kuposa thanki imodzi ya petulo mumati mwezi wamawa.

Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nyanja ili pansi pa mamita 500. Galimoto yolemera makilo 1,500 ikatsika mamita 1,000 mphamvu yonse ija siyisowa ayi, imasanduka kutentha, ndipo ndi kutentha kokwanira kuwiritsa zidebe ziwiri za madzi za malita 20. Zina zimapita ndi mphepo, zina ndi matayala, koma zambiri zimayenera kulowa penapake, ndipo ngati mwayika fili, kuichotsa galimoto mu giya, kuti mupulumutse mafuta, kapena otomatiki yanu mwangoisiya pa D phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi, moto wonsewo ukuthera mu ma disc ndi ma pad, tizitsulo toti mutha kunyamula mmanja. Ndiye onjezerani sipidi. Galimoto ya pa 120 siyifuna mabuleki owirikiza kawiri kuposa ya pa 60, imafuna kanayi. Inu amene mumaponda moto pakati pa makona kenako buleki mwamphamvu polowa kona ina, mobwerezabwereza makona makumi angapo, mukukoleza ng'anjo.

Za fili zija ndiye zimandinyansa kwambiri chifukwa ndi bodza lenileni. Galimoto za masiku ano za injection ukachotsa phazi pa moto ili mu giya, kompyuta imadula mafuta yokha, injini imazunguzidwa ndi matayala. Pa fili ndiye pomwe ikumwa mafuta kuti isazime. Ndiye mukupha mabuleki kuti muwononge petulo wambiri, nzeru zake ndi zimenezo.

Mabuleki amathawa mwa njira ziwiri ndipo muzidziwa kusiyanitsa. Ikakhala kuti pedulo ndi yolimba bwinobwino koma mukuponda galimoto osaima, kukumveka fungo ngati la chinthu chopserera, amenewo ndi ma pad apsa. Koma ikakhala kuti pedulo yafewa ngati siponji kenako yangolowa mpaka pansi, ndiye kuti fluid yawira. Yachiwiriyi ndi imene imapha anthu chifukwa siyichenjeza nthawi yaitali. Brake fluid imakoka chinyezi kuchokera mu mpweya pang'onopang'ono, ndi chibadwa chake, kaya galimoto ikuyenda kaya yangoima. Fluid ya mtundu wa DOT 4 ikakhala yatsopano siyiwira mpaka madigiri 230, koma ikamwa madzi pang'ono chabe, osakwana magawo 4 pa 100, imayamba kuwira cha pa 155. DOT 3 ndiye kuchoka pa 205 kufika pa 140. Ikawira mu paipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, madzi safinyika, ndiye phazi lanu likungofinya mpweya ma pad osamva kanthu. Nchifukwa chake opanga galimoto ambiri amati isinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Tsopano dzifunseni, ex-Japan yanuyo inapangidwa 2008, inakhala pa doko, inakwera sitima yapamadzi, inadikira ku Dar es Salaam kotentha kwachinyezi kuja, yatha nayo nyengo za mvula zisanu kuno, ndani anaisinthapo? Kuthira yoonjezera pamwamba si kusintha.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero ndikamadutsa pa Masasa ndimamukumbuka. Anali ndi Impreza yabuluu, yoisamala kunja ngati mwana, anabwera Lachinayi kuti ndimuikire ma pad atsopano poti Loweruka amapita kunyanja ndi anzake. Ndinatsegula kachivindikiro ka fluid, yakuda ngati tiyi wopanda mkaka amene wagonera. Ndinamuuza kuti achimwene iyi tichotse yonse tithire ina, ndi ntchito ya ola limodzi. Anaseka nkuti mdala mukufuna mundidyere, ma pad ndi atsopano vuto lili pati, ndidzabwera ndikalandira. Ine ndinalimbikira kamodzi, kawiri, kenako ndinangoti chabwino galimoto ndi yanu. Apa ndi pamene pamandiwawa, chifukwa botolo linali pa shelufu pomwepo, ndikanangothira nkumuuza adzalipira kumapeto kwa mwezi.

Anatsika anthu anayi mgalimoto, cooler box kumbuyo, akuthamangitsana ndi mnzawo wa galimoto ina. Chakumunsi kwenikweni makona atatsala ochepa pedulo inalowa pansi. Iye anachita zomwe akanatha, anaikhulitsa ku chipupa cha phiri mmalo moloza kuphompho, ndipo nchifukwa chake onse ali moyo, koma mtsikana amene anakhala kutsogolo mwendo unathyoka pawiri ndipo mpaka pano amayenda motsimphina. Chomwe chinandimaliza ndi chakuti galimoto itakokedwa kufika kunyumba, malume ake analowa naponda buleki, pedulo gwa, yolimba bwinobwino. Basi nkhani inatha pomwepo, achibale akuti mwanayu amulodza, ansanje ndi galimoto yakeyi, mabuleki abwinobwino angathawe bwanji okha nkubwereranso okha. Anapita naye kwa asing'anga, ndalama zinatuluka zoposa fluid ya galimoto makumi awiri. Ndinayesa kufotokoza kuti nthunzi ikazizira imabwerera kukhala madzi, ngati mmene chivindikiro cha poto chimadonthera, ndiye pedulo imalimbanso ngati palibe chachitika. Anandiyang'ana ngati ndikuikira kumbuyo mfiti.

Nchifukwa chake ndikamva munthu akuti "pano akugwira bwinobwino" mtima umandigunda. Ngati pedulo inafewa, kugwira kumeneko nthawi zambiri ndi chizindikiro choti fluid inawira, ndipo ulendo wina idzawiranso. Musadikire.

Ndiye pali anzathu a pansi pa mtengo. Sindinyoza aliyense wofuna kudya, inenso ndinayambira pansi pa mtengo wa mango ndi masipanala atatu, koma zina ndi kupha anthu. Ndaonapo paipi ya buleki yodontha atangoiphwanya ndi hamala kuti itseke, galimoto ikuyenda ndi mabuleki a matayala atatu mwini wake osadziwa, ukaponda mwamphamvu pa kona imakokera mbali imodzi. Ndaonapo madzi a sopo mu kathanki ka fluid, eti "ingokufikitsani." Ndaonapo wina atathira oyilo wa power steering, marabala onse a mkati anatupa, tinasintha zonse kuyambira master cylinder. Ma pad omata pamanja ndi guluu, amene akatentha amangosomphoka chitsulo chokha nkutsala. Nyali ya mabuleki ya ABS ikayaka pa dashboard mmalo mofufuza vuto amangochotsa babu, kasitomala akusangalala kuti yakonzedwa. Ndipo ma pad otchipa a mu kabokosi kokongola kolembedwa dzina la kampani yodziwika koma mtengo wake theka la theka, mtauni pa 40 amagwira ndithu, mudzawadziwa pa mtsetse.

Matayala nawo ndingotchulako pang'ono. Ambiri a ex-Japan amabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, olembedwa studless, timizere tambirimbiri tating'ono, amaoneka atsopano koma rabala yake ndi yofewa yopangira kozizira, pa tala wa ku Golomoti mu Okutobala amatereka pa kona ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. A kaunjika aja yang'anani manambala anayi pambali, 2316 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2016, mapanga angakhale akuya bwanji tayala limenelo ndi nkhalamba.

Kuyendetsa kwake sindikuphunzitsani zonse, laisensi muli nayo. Giya imene mungakwerere phiri ndi yomweyo yotsikira, injini ilire, siyiphulika. Otomatiki ili ndi 2, ili ndi L, zina zili ndi S kapena timapadulo kuseri kwa chiwongolero, sizinaikidwe kuti zikongoletse. Buleki pondani mwamphamvu kanthawi kochepa musanalowe kona kenako musiye ipume, osati kuikhudza pang'onopang'ono osaichoka. Ndipo zodula kona kulowa mbali ya anzanu poti munaona pa TV, a mpikisano aja amawatsekera msewu wonse, inu kuseri kwa kona kuli njinga ya makala matumba atatu, kuli kabaza wanyamula mayi ndi mwana, kuli mbuzi, kuli lole yafa atangoika masamba a mitengo mumsewu. Ngati simungathe kuima pa mtunda umene maso anu akuona, mwathamanga kale.

Pedulo ikayamba kufewa muli pakati pa phiri, ipopeni mwachangu kangapo, tsitsani giya imodzi imodzi, handibuleki kokani pang'onopang'ono chala chili pa batani, ya chingwe ija siyidalira fluid, mukaikoka mwamphamvu kamodzi matayala a kumbuyo amaloka galimoto nkuzungulira. Injini musazimitse, chiwongolero chimalimba ndipo buleki imene yatsalayo imalemera. Mukapeza poima imani ndithu theka la ola kapena kuposa, ndipo chonde musathire madzi pa ma disc otentha ngati amachitira ena, amapindika kapena kung'aluka, mudzabwera kwa ine chiwongolero chikunjenjemera.

Impreza ija anaikonza kwina nkuigulitsa. Ndinakumana nayo chaka chatha pa filling station ili ndi mwini wina, ndinamupempha anditsegulire boneti, iye kudabwa kuti mdala uyu akufuna chani. Fluid inali yakuda chomwecho. Ndinamutengera ku galaja tsiku lomwelo ndipo sindinamulipiritse.