Timakobidi ta mtovu ta ku Tranquebar

Kugombe la kummwera chakummawa kwa India, m'chigawo cha Tamil Nadu, kuli tauni ya asodzi yotchedwa Tharangambadi. Azungu ankaitchula Tranquebar. Nyanja ikawinduka n'kukokolola mchenga pafupi ndi linga lakale la Dansborg, pamatsala timakobidi totuwa, tating'ono ngati batani la malaya. Wosadziwa angatiyese timiyala. Koma timeneti ndi ndalama zimene anthu a ku Denmark ankasula pamalopa kwa zaka zoposa 200.

Chinawakokera kumeneko ndi tsabola ndi nsalu. Mfumu ya ku Denmark, Christian IV, inavomereza kampani ya malonda a ku India mu 1616, ndipo mu 1620 Ove Gjedde, mtsogoleri wa zombo zimene mfumuyo inatumiza, anapangana ndi Raghunatha Nayak, mfumu ya ku Thanjavur, kuti amange linga ku Tranquebar n'kumapereka msonkho chaka ndi chaka. Malonda akuluakulu ankayendera siliva. Nanga msilikali wofuna mpunga ndi nsomba pamsika akalipira chiyani? Apa m'pamene panabwera kakobidi kotchedwa kas, dzina limene linali kale pakamwa pa anthu a m'deralo. Makas 80 ndiwo ankakwana kandalama kamodzi ka siliva kotchedwa fano kapena royalin.

Makas oyamba anali a mtovu, ndipo kwa ine amenewa ndiwo okoma kuwatsata. Mbali imodzi amakhala ndi chizindikiro cha mfumu, C wokumbatira 4, chisoti chachifumu chili pamwamba. Kuseri kwake ena analembapo dzina la Dansborg, ena mayina a zombo zimene zinkafika padokolo. Ambiri alibe chaka. Osulawo ankamenya ndi nyundo pamanja, ndipo kachitsuloko kaŵirikaŵiri kankachepa kuposa chidindo, choncho zilembo zina zinkagwera kunja. Ndiye chifukwa chake wotolera ndalama zakale amafunika kuyala atatu kapena anayi a mtundu umodzi pansi pa galasi lokulitsa zinthu kuti mawu onse amveke, aka kapereke chiyambi cha dzina, ako mathero ake.

Pali nyengo ina imene imandikhudza mtima. Chombo china chitanyamuka ku Copenhagen mu 1639, Denmark inatanganidwa ndi nkhondo zakwawo, kampani inagwa mu 1650, ndipo panalibenso chombo china chofika kuchokera kwawo mpaka 1669. Azungu a m'lingamo anatha mmodzimmodzi, ulamuliro n'kutsalira m'manja mwa msilikali wamba, Eskild Andersen Kongsbakke, amene anadalira asilikali a konko ndi anthu a magazi a Chipwitikizi. M'zaka zonsezo makas sanaleke kusulidwa, ndipo ankanyamulabe chizindikiro cha mfumu imene inali itawaiwala. Kakobidi ka nthawi imeneyo ka chizindikiro cha F3, kutanthauza mfumu Frederik III, ine sindikaona ngati kachitsulo wamba.

Pozindikira kobidi la ku Tranquebar, yambani ndi chizindikiro cha mfumu, chifukwa mafumu a ku Denmark ankasinthana mayina awiri okha, Christian ndi Frederik. C5 ndi wa pakati pa 1670 ndi 1699, F4 mpaka 1730, C6 mpaka 1746, F5 mpaka 1766, C7 mpaka 1808. Kenaka tembenuzani. Zilembo zolukana DOC ndi za kampani yakale ya ku India, pamene DAC ndi za kampani ya Asia imene inakhazikitsidwa mu 1732. Boma litatenga Tranquebar m'manja mwa kampani mu 1777, zilembo za kampanizi zinachoka. Pofika nthawi imeneyo mkuwa unali utalowa kale m'malo mwa mtovu, ndipo kobidi lopezeka kwambiri pamsika wa otolera lero ndi la mkuwa lolembedwa IV KAS, chaka chili munsi. Wongoyamba kumene ayambire pamenepo, ngakhale kuti chakacho nthawi zambiri chimakhala chodukira m'mphepete.

Musasokoneze amenewa ndi makobidi a kuzilumba za St. Thomas, St. John ndi St. Croix ku Caribbean, kumene Denmark inalemerera thukuta la akapolo a ku Africa m'minda ya nzimbe mpaka 1848. A kumeneko ndi osalala bwino, osulidwa ku Ulaya, ndipo mtengo wake umawerengedwa mu skilling, kenaka cent, bit ndi franc.

Mtovu ndi wofewa, ndipo ukayamba kudyeka umasanduka fumbi loyera. Kuukwecha ndi waya kapena kuuviika mu viniga n'kufafaniza zilembo zimene zapirira mchere wa m'nyanja zaka mazanamazana. Ngakhale bokosi la matabwa ena limatulutsa mpweya wowawasa umene umaudya pang'onopang'ono. Komanso lamulo la India la 1972 limaletsa kutulutsa m'dzikomo zinthu zakale zopitirira zaka 100, choncho kakobidi kogulidwa pagombe la Tharangambadi sikoyenera kukwera nako ndege.

Makas omaliza anasulidwa mu 1845, m'masiku a Christian VIII. Chaka chomwecho Denmark inagulitsa Tranquebar pamodzi ndi Serampore, tauni yake ina ya malonda ku India, kwa Angerezi a East India Company pamtengo wa marupi 1,250,000.