Mawu akuti lowbrow: amatanthauzanji, nanga muziwalankhula pati?

Mukamawerenga nyuzipepala za ku Britain kapena ku America, makamaka tsamba limene amaunikapo mafilimu, mabuku ndi mapulogalamu a pa TV, simuchedwa kukumana ndi mawu akuti lowbrow. Mtanthauziramawu amangowafotokoza m'mzere umodzi, koma sakuuzani kuti mukawalankhula pamalo olakwika mukhumudwitsa munthu. Nawa mafunso amene wophunzira Chingerezi angakhale nawo.

Kodi lowbrow kwenikweni n'chiyani?

Ndi mawu onenera chosangalatsa chilichonse chimene sichilira maphunziro kapena kuganiza mozama kuti munthu achimve kukoma. Nthabwala za munthu woterereka n'kugwa chagada, mapulogalamu a pa TV a anthu olalatirana pa nkhani za zibwenzi, nyuzipepala zodzaza ndi miseche ya anthu otchuka, masewera ogwetsana a WWE, zonsezi Mngerezi angazitche lowbrow. Nthawi zambiri mawuwa amatsogolera dzina la chinthucho, monga lowbrow comedy kapena lowbrow entertainment. Akhozanso kuima paokha monga dzina la munthu wokonda zotere, a lowbrow, ngakhale masiku ano zimenezi sizimveka kawirikawiri.

Amalembedwa ngati liwu limodzi. Potchula, low imamveka ngati go, pamene brow imamveka ngati now. Choncho nenani "lobrau", osati "lobro".

Brow ndi chipumi. Nanga chipumi chikugwirizana bwanji ndi zokonda za munthu?

Apa m'pamene pagona nkhani. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, dokotala wina wa ku Germany, Franz Joseph Gall, amene ankagwira ntchito ku Vienna, anayamba kuphunzitsa kuti nzeru ndi makhalidwe a munthu zili ndi zigawo zakezake mu ubongo, ndipo chigawo chikakula chimatukumula chigaza. Ankati ukapapasa mutu wa munthu ukhoza kudziwa ngati ali wanzeru, wakuba kapena wachifundo. Wophunzira wake, Johann Spurzheim, anafalitsa maganizowa ku Britain ndi ku America pansi pa dzina lakuti phrenology, ndipo anthu ankachita kulipira ndalama kuti ayezedwe mitu. Popeza ankakhulupirira kuti nzeru zimakhala kutsogolo kwa mutu, chipumi chachitali ankachiyesa chizindikiro cha munthu woganiza, chachifupi cha mbuli.

Asayansi anatsutsa zimenezi kalekale, moti lero palibe dokotala amene angazivomereze. Koma zisanathe mphamvu zinawononga zambiri, chifukwa kuyeza zigaza kunakhala chida cha anthu ofuna kusanja mitundu ya anthu, Azungu pamwamba, Aafirika ndi ena pansi. Mawu akuti highbrow, kutanthauza chipumi chachitali, anayamba kumveka ku America m'zaka za m'ma 1880, ndipo lowbrow, chipumi chachifupi, anatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Amene amawalankhula lero saganiza n'komwe za zigaza, ndipo simungamunene munthu kuti ndi watsankho chifukwa chowagwiritsa ntchito. Komabe mtima wosanja anthu, uyu wapamwamba uyu wapansi, sunachoke m'mawuwa. N'zoseketsa kuti kwathu kuno mphumi timaitchula pa nkhani ya mwayi, osati ya nzeru.

Ndiye kuti ndi chipongwe?

Zimadalira chimene mukuloza. Mukanena filimu kuti ndi lowbrow, mwangoiunika basi, ndipo mwina mwaiyamikira, pakuti wolemba akhoza kunena kuti filimu ndi lowbrow fun potanthauza kuti ilibe zozama koma mudzaseka mpaka nthiti kuwawa. Mukadzinena nokha kuti zokonda zanu ndi lowbrow, anthu amamva kuti ndinu wodzichepetsa kapena mukuchita nthabwala. Angerezi amakonda kudzinyoza kotere.

Koma kuloza munthu wina n'kumuti lowbrow ndi nkhani ina. Akumva kuti mukumunena kuti sanapite patali ndi sukulu ndiponso kuti anachokera ku banja lapansi. Ku Britain, kumene anthu amamvetsera kalankhulidwe ka munthu kuti adziwe gulu limene anabadwiramo, bala lotere silipola msanga. Ngati muli kuntchito ku Manchester kapena ku Glasgow ndipo mnzanu akusimba za pulogalamu imene amaikonda, mawuwa asungeni m'kamwa.

Nanga highbrow ndiye mawu oyamikira?

Osati nthawi zonse. Highbrow amanena zinthu monga opera (zisudzo zoimba), ndakatulo zovuta kumva ndi mafilimu oyenda pang'onopang'ono, koma kawirikawiri mumakhala kachitonzo kakuti mwini wake ndi wodzimva. Munthu akati buku ili ndi too highbrow for me, mwina akuvomereza kuti lamukanika, mwinanso akuti wolembayo amangodzionetsera.

Pakati pa awiriwa pali middlebrow, ndipo chodabwitsa n'chakuti ameneyu ndiye ananyozedwa koposa. Mu 1925 magazini yanthabwala ya Punch inaseka kuti BBC yatulukira mtundu watsopano wa anthu, amene akuyembekezera kuti tsiku lina adzazolowera zinthu zimene amauzidwa kuti ayenera kuzikonda. Mu 1932 mlembi wa ku England, Virginia Woolf, analemba kalata yopita ku magazini ya New Statesman, imene sanaitumize, momwe anati amalemekeza highbrow ndi lowbrow yemwe, chifukwa onse amakonda zimene amakondadi, koma middlebrow amangotsata ulemu ndi kutchuka. Ine ndimaona kuti mayiyu anawonjeza, pakuti munthu wogula buku lovuta kuti ayesere sanalakwire aliyense.

BBC yomweyo inadzagawa wailesi yake motsata magulu atatuwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha: Light Programme ya 1945 inali ya zopepuka, Home Service inali pakati, ndipo Third Programme ya 1946 inali ya zozama. Ku America, mu 1949, magazini ya Life inasindikiza tchati chosanja anthu potengera zovala, mipando, masewera, ngakhale zakumwa. Mowa wa biya unaikidwa kwa lowbrow, vinyo wofiira kwa highbrow.

Kodi amagamula ndani kuti ichi n'chapansi, icho n'chapamwamba?

Palibe bwalo limene limagamula. Amatero ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, olemba ndemanga m'nyuzipepala, oyang'anira nyumba zosungiramo zojambula, ndi anthu andalama amene amathandiza malo amenewa. Ndipo malire ake sakhazikika.

Tengani Shakespeare, amene lero ambiri amamuyesa chimake cha highbrow. M'nthawi yake ku London, anthu wamba ankalipira kobiri limodzi n'kuonera masewero ake ataimirira pabwalo la zisudzo la Globe, akudya ndi kukuwa. Ku America m'zaka za m'ma 1800 anali wa aliyense, moti pa 10 May 1849 kunabuka chipolowe ku Astor Place mu New York pakati pa otsatira Edwin Forrest, wochita zisudzo wa ku America amene anthu ogwira ntchito zamanja ankamukonda, ndi otsatira William Charles Macready wa ku England, amene olemera ankamukonda; onse awiri ankachita masewero a Shakespeare. Asilikali anawombera ndipo anthu oposa 20 anafa. Anthu safera zinthu zimene sazimva. Shakespeare anadzasanduka wa ophunzira okha pambuyo pake, pamene olemera anamanga nyumba zawozawo za zisudzo zodula polowa, momwe munthu amayenera kukhala chete.

Jazz anayenda njira yomweyo: anayambira m'malo ovinira a anthu akuda ku New Orleans, akunyozedwa kuti ndi phokoso, lero akuphunzitsidwa m'makoleji a nyimbo. Choncho mukamva chinthu chikutchedwa lowbrow, dzifunseni kuti akunenayo ndani, ndipo ndi chaka chanji.

Akusiyana bwanji ndi philistine, kitsch ndi tacky?

Philistine ndi munthu amene alibe nazo ntchito zaluso, mwinanso amadana nazo, amangowerengera ndalama. Mawuwa ndi omwe aja a Afilisti a m'Baibulo. Ophunzira a ku Germany ankatchula motero anthu a m'tauni osapita ku yunivesite, ndipo mlembi wa ku England, Matthew Arnold, anawatchukitsa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1860. Lowbrow amakonda zaluso ndithu, kungoti zopepuka. Kitsch, mawu ochokera ku Chijeremani, ndi chinthu chokongoletsedwa mopyola muyeso ndi chofuna kukhudza mtima motchipa, monga tiziboliboli tonyezimira togulitsa kwa alendo. Tacky ndi mawu a tsiku ndi tsiku onena chovala, mphatso kapena khalidwe losaoneka bwino.

M'Chichewa tingati chiyani? Si chimidzi chimenechi?

Ayi. Chimidzi chimanena za munthu wosazolowera za m'tauni, pamene zinthu za lowbrow zambiri zimapangidwira m'mizinda ikuluikulu ndi makampani olemera, n'kugulitsidwa kwa anthu mamiliyoni. Komanso luso la makolo, monga gule kapena nthano, Angerezi amaliika m'gulu lina, la folk. Pomasulira ndi bwino kungofotokoza: zosangalatsa zopepuka, zosafuna kuganiza mozama, kapena zokonda anthu wamba, malinga ndi mtima wa wolembayo.

Ndinaona mawu akuti lowbrow art. Kodi akunyoza ojambulawo?

Iwowo ndiwo anadzipatsa dzinalo. Ndi gulu la ojambula limene linakula ku Los Angeles cha m'ma 1970, lotengera nzeru ku makatuni, zolemba pathupi, nyimbo za punk ndi magalimoto okongoletsedwa. Mmodzi mwa iwo, Robert Williams, anaika mawuwa pamutu wa buku la zojambula zake poseka nyumba zoonetsera zojambula zimene zinkakana ntchito yake, ndipo mu 1994 anathandiza kuyambitsa magazini ya Juxtapoz. Ena safuna dzinali, amakonda lakuti pop surrealism.

Kodi ndingawalembe m'nkhani ya kusukulu kapena m'lipoti?

Mungathe, pakuti si mawu otukwana, koma amaonetsa mbali imene mwaima. Ngati mukungofotokoza popanda kuweruza, lembani popular culture kapena mass entertainment. Lowbrow musungireni pamene mukusimba mmene ena ankaonera chinthucho, ndipo mutchule kuti anali ndani.