Madiredi, lumo ndi chipata cha sukulu: mbiri ya mkangano wa tsitsi m'Malawi

Pa 8 Meyi 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti sukulu za boma zisamabweze mwana wa Chirasta pachipata chifukwa choti ali ndi madiredi. Woweruza, mayi Zione Ntaba, analamula Unduna wa Zamaphunziro kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho ukhale utalembera sukulu zake zonse kuti anawa azilandiridwa tsitsi lawo lili chomwecho. Anthu ena anadabwa kuti nkhani ya tsitsi chabe ingafike mpaka kukhothi. Koma makolo amene kwa zaka zambiri ankauzidwa kuti asankhe chimodzi, chikhulupiriro chawo kapena maphunziro a mwana, ankadziwa kulemera kwake. Amene anali ndi kangachepe ankalipira sukulu zomwe si za boma. Amene analibe, ana awo ankangokhala pakhomo anzawo akupita kukaphunzira.

Mkanganowu sunayambire kusukulu. Kwa Achewa ndi mitundu ina ya kuno, lumo lakhala ndi tanthauzo kuyambira kalekale. Maliro akagwa, anamfedwa ankadikira tsiku lometa, pamene abale amasonkhana n'kumetedwa posonyeza kuti womwalirayo aperekezedwa ndipo moyo upitirire. Namwali akamatuluka m'tsimba ankametedwanso. Kumeta kunali kutsuka zakale ndi kuyamba zatsopano. N'chifukwa chake munthu wa tsitsi lanyankhalala, losaona chipeso, anthu ankamuganizira ziwiri: mwina ndi wofedwa, apo ayi mutu wake sukuyenda bwino. Sukulu za amishoni ndi za atsamunda zitabwera, zinapeza maganizo amenewa alipo kale, n'kuwonjezerapo zawo. Mwana wasukulu waukhondo anakhala uja wometa mpala kapena wa tsitsi lalifupi kwambiri, ndipo ambiri amene tinadutsa kupulayimale tikukumbukira mzere wa m'mawa, aphunzitsi akuyendera zikhadabo, mano ndi mitu, sizasi ili m'manja.

Ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda unatenga chizolowezichi n'kuchisandutsa lamulo. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Decency in Dress Act, lamulo lomwe linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi afupiafupi pagulu. Amuna nawo anali ndi gawo lawo m'malamulo a milandu: mwamuna amene tsitsi lake latsika kupitirira mzere wa pakamwa ankawerengedwa m'gulu la anthu osokoneza ndi osowa chochita, ndipo akanatha kumangidwa. Alendo ofika pabwalo la ndege ndi tsitsi lalitali ankauzidwa kuti ayambe ameta asanalowe m'dziko. Pa ngodya zinayi za chipani, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, tsitsi la munthu linagwera pa ngodya yomalizayo. M'dziko lotere Mrasta sakanayenda poyera.

Chirasta chinabadwira kutali, pachilumba cha Jamaica. Pa 2 Novembala 1930, Ras Tafari Makonnen anavekedwa ufumu ku Ethiopia n'kutenga dzina loti Haile Selassie. Zidzukulu za akapolo ku Jamaica, zomwe zinali zitamva uthenga wa Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda wochokera pachilumbapo, woti anthu akuda ayang'ane ku Africa, zinaona mwa mfumuyi kukwaniritsidwa kwa malemba. Alaliki oyamba monga Leonard Howell sankasunga madiredi. Tsitsili linafala pambuyo pake, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'ma 1950, pakati pa achinyamata a mu Kingston amene anatopa ndi kunyengerera atsamunda. Maziko ake anawapeza m'Baibulo: lumbiro la Mnaziri pa Numeri 6, loti lumo lisapite pamutu pake masiku onse a kudzipatula kwake, komanso nkhani ya Samsoni m'buku la Oweruza, yemwe mphamvu zake zinachoka atametedwa. Panalinso zithunzi za ankhondo a Mau Mau a ku Kenya, omwe tsitsi lawo linalukana ali m'nkhalango kumenyana ndi Angerezi.

Ku Jamaica nakonso boma linayankha ndi lumo. Mu Epulo 1963, kutachitika chipolowe ku Coral Gardens pafupi ndi Montego Bay, apolisi anagwira Marasta ambirimbiri, osalakwa omwe, n'kuwamenya ndi kuwameta mokakamiza. Boma la Jamaica linadzapepesa mu 2017 kudzera mwa nduna yaikulu Andrew Holness. Aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chimene kholo la Chirasta limakanira kuti mwana wake ametedwe "kungoti alowe m'kalasi" ayenera kuidziwa mbiri imeneyi. Kwa iwo, kumetedwa ndi boma ndi bala lakale.

Haile Selassie anafika m'Malawi mu 1965, dziko litangolandira ufulu, likulu likadali ku Zomba. Anakwera phiri la Zomba, ndipo malo amene anaimapo poona chigwa mpaka lero amatchedwa Emperor's View. Marasta amakwera kumeneko kukakumbukira ulendowo. Mu Blantyre muli msewu waukulu wa dzina lake. Komabe Chirasta chenicheni chinalowa kuno kudzera m'nyimbo za reggae, pa wailesi ndi pa makaseti, ndipo chinadzaonekera bwino anthu atavotera zipani zambiri pa 14 Juni 1993. Lamulo la kavalidwe lija linathetsedwa chaka chomwecho. Amayi anayamba kuvala mathalauza, anyamata anayamba kusunga tsitsi, ndipo ku Chileka kunatuluka oimba amene anapangitsa madiredi kukhala chinthu chodziwika m'dziko lonse.

Chaka cha 1994 chinabweretsa zinthu ziwiri zazikulu: maphunziro aulere a kupulayimale ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko. Gawo 25 linapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro, gawo 33 ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo gawo 20 linaletsa tsankho. Koma sukulu zinapitiriza kumeta monga kale. Lamulo la Kamuzu linapita, chizolowezi chinatsala, ndipo mphunzitsi wamkulu aliyense ankachitenga ngati ndi chimene boma likufuna. Marasta anadandaula kwa zaka zoposa makumi awiri, kulemba makalata ndi kuyenda pamsewu, koma osaphula kanthu.

Mlandu womwe unasintha zinthu unachokera kwa ana awiri. Wina anasankhidwa kupita kusekondale ya boma ku Zomba koma anakanizidwa malo, wina anabwezedwa pasukulu ya pulayimale mu Blantyre. Mabungwe a Women Lawyers Association, Southern Africa Litigation Centre ndi CHREAA (bungwe loona za ufulu wa anthu m'Malawi) anathandiza kuyendetsa nkhaniyo. Mu Januwale 2020 khothi linapereka chiletso choti anawo aziphunzira podikira chigamulo, kenako chigamulo chenicheni n'kubwera mu 2023. Malawi sinali yoyamba. Ku Zimbabwe, bwalo la Supreme linagamula kale mu 1995 mokomera loya amene anakanidwa kulembetsa ntchito chifukwa cha madiredi, ndipo mu 2007 linagamulanso mokomera mwana wasukulu. Ku Kenya khothi linatero mu 2019, ku Ghana mu 2021 pa nkhani ya sukulu ya Achimota.

Pa zaka zonsezi, chifukwa chimene chinkamveka kwambiri pakamwa pa anthu chinali choti madiredi ndi uve. Khothi linayankha za ufulu, koma za uvezo zikadali m'mitima ya ambiri, ndipo mwana amene analowa m'kalasi ndi chilolezo cha khothi angathe kusalidwabe ndi anzake pabenchi. Ine ndikuona kuti mbali imeneyi ndi imene yatsala, ndipo yankho lake lili pa kudziwa mmene tsitsili limakhalira ndi mmene limasamalidwira.

Tsitsi lathu ndi lopotana mwachibadwa, choncho likasiyidwa osapesa limakolana lokha. Munthu aliyense amathothoka tsitsi pakati pa 50 ndi 100 tsiku lililonse. Kwa wopesa limatsalira m'chipeso, kwa wamadiredi limatsalira m'chingwemo n'kumachilimbitsa. Litsiro silithandiza tsitsi kulukana, ngakhale mphekesera imeneyi yasocheretsa achinyamata ambiri mpaka kukhala miyezi osasamba kumutu. Tsitsi loyera, lopanda mafuta ambiri, ndi limene limagwirana msanga. Popeza limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo chingwe chimatenga chaka kapena kupitirira kuti chikhwime, munthu amene mukumuona ndi madiredi ofika m'mapewa wakhala akuwasamalira zaka zingapo.

Chofunika kutsuka kwenikweni ndi khungu la m'mutu, pomwe thukuta ndi mafuta a thupi zimasonkhana. Kamodzi pasabata kapena pa masabata awiri ndi bwino kwa ambiri, ndipo wogwira ntchito ya thukuta kapena ya m'fumbi angafunike kutsuka kawirikawiri. Potsuka mumatikita ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, chifukwa mabala ang'onoang'ono ndi khomo la matenda. Vuto lalikulu limakhala potsukuluza. Sopo wochapira zovala ndi sopo wina wa mtanda amasiya zotsalira zoyererako m'kati mwa chingwe, makamaka pomwe madzi a pamjigo ali amchere, ndipo zikaunjikana zimayabwitsa. Shampu wopepuka wosungunula m'madzi ndi wabwino, ndipo muzitsukuluza mpaka madzi otuluka mukafinya akhale oyera mbee.

Kuumitsa ndiye pagona nkhani. Diredi lokhwima limasunga madzi m'kati ngati chingwe cha khonje chimene chavumbwa ndi mvula: kunja kumaoneka kouma pamene pakati pakadali chinyezi. Mukagona nalo chomwecho, kapena mukalivundikira m'chipewa kapena m'duku, limachita chuku n'kuyamba fungo lovuta kuchotsa. Fungo limeneli ndi limene linapatsa madiredi mbiri yoipa, ndipo gwero lake ndi madzi osauma. N'chifukwa chake odziwa amatsuka m'mawa, amafinya chingwe chilichonse, amapukuta ndi nsalu yosathothoka ulusi, n'kulisiya lomasuka padzuwa ndi pamphepo. Nyengo ya dzinja ndi masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, ndi bwino kudikira tsiku lowala kusiyana ndi kutsuka madzulo. Kholo la mwana wasukulu lisankhe Loweruka m'mawa.

Zodzola zikhale zochepa. Phula la njuchi ndi mafuta olimba a m'mabotolo amagwira fumbi ndi ulusi n'kuzitsekera m'kati, ndipo madzi sazichotsa. Madontho ochepa a mafuta a kokonati, kapena a nsatsi amene agogo athu ankadzola, amakwanira pakhungu louma. Usiku, kansalu koterera kumutu kamateteza ku ulusi wa bulangeti. Mukatsuka muzilekanitsa zingwe kumizu ndi zala kuti zisamerere pamodzi.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri tsopano pamene zipata za sukulu zatsegukira ana a madiredi. Pofuna kuti mwana aoneke "waudongo" pamaso pa aphunzitsi, makolo ena amamupotetsa tsitsi pafupipafupi ndi kulimanga mothinitsa. Kukoka kotere kumazula tsitsi pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi ndi m'mbali mwa makutu, ndipo kukapitirira kwa zaka mizu imafa, dazi lake silimeranso. Madokotala a khungu amalidziwa bwino vutoli, ndipo limagwiranso amayi oluka mothina ndi oika mawigi omata. Kupota kumizu kuzichitika patapita mwezi kapena masabata asanu ndi limodzi, tsitsi lili lonyowerako. Mwana akamadandaula kuti mutu ukuwawa atachoka kosaluni, kapena mukaona tiziphuphu m'mizu, masulani tsiku lomwelo. Marasta ambiri sapota n'komwe, amangotsuka ndi kulekanitsa, ndipo mizu yawo imakhala yolimba. Aphunzitsi adziwe kuti tsitsi latsopano lotuwirira kumizu ndi chizindikiro cha kukula, si umve.

Matenda enieni a m'mutu mwa ana asukulu sasankha kuti uyu ndi wometa kapena ayi. Mfundu imagwira aliyense, ndipo ikakula shampu wa ketoconazole wa kufamase amathandiza. Nsabwe zimayenda kuchoka pamutu kupita pamutu ana akagundana kapena akabwerekana zipewa, ndipo zimakhala ngakhale m'tsitsi lotsuka bwino. M'madiredi zimavuta kuchotsa chifukwa chipeso sichidutsa, motero pamafunika mankhwala oyenera ndi kubwereza patatha sabata kuti zoswa kumene zife. Parafini ndi mankhwala ophera tizilombo ta m'munda asayandikire pamutu pa mwana, chifukwa amawotcha khungu ndipo ena amalowa m'thupi n'kupha.

Chipere ndicho chofala kwambiri m'mapulayimale athu, ndipo njira imodzi imene chimafalira ndi makina ometera ndi malezala ogwiritsa ntchito ana ambiri osatsuka. Mwana wometedwa mwezi uliwonse pa makina a anthu onse ali pachiopsezo chimene anthu sachiganizira akamanena za ukhondo. Chipere cha m'mutu chimakhala m'kati mwa muzu wa tsitsi, kotero kumeta sikuchichiritsa, ndipo mankhwala odzola okha safikako. Chimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala, monga griseofulvin, kwa masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Kwa mwana wamadiredi zigamba zake zimabisika, choncho kholo liziyang'ana khungu pakati pa zingwe tsiku lotsuka: malo otuwa ngati phulusa, tsitsi loduka m'munsi, kapena chotupa chotuluka mafinya. Zikaoneka, apite kuchipatala msanga, abale ake ogona naye chipinda chimodzi aonedwenso, ndipo mankhwalawo amwedwe mpaka kumaliza ngakhale zigamba zitazimirira pa sabata yachitatu.