Mafunso ndi Mayankho pa Lamulo la ku America Loteteza Mbalame Zosamukasamuka

Kodi lamuloli linabwera chifukwa chiyani?

Mbalame zinali kutha anthu akuona. Njiwa zotchedwa passenger pigeon zinkauluka zambirimbiri mpaka kuphimba dzuwa, koma alenje ankazipha n'kumazitumiza pa sitima kumisika ya m'mizinda. Yomaliza inafa mu 1914 kumalo osungirako nyama ku Cincinnati. Za akakowa ndiye zomvetsa chisoni: alenje ankawawombera m'nyengo yoswana, pomwe nthenga zawo zimakongola kwambiri, kuti akometsere zipewa za amayi, ndipo ana ankafa ndi njala m'zisa. Mu 1896 Harriet Hemenway ndi Minna Hall a ku Boston anayamba kukopa amayi anzawo kuti aleke kuvala zipewa zoterozo.

Nanga pangano ndi dziko lina linkafunikiranji?

Kale chigawo chilichonse chinali ndi malamulo akeake a ulenje, moti bakha wotetezedwa lero kuno, mawa ankaphedwa kutsidya. Boma lalikulu linakhazikitsa lamulo mu 1913, koma makhoti ena anati nyama zakutchire ndi nkhani ya zigawo. Choncho mu 1916 America inasainirana pangano ndi Britain, yomwe inkaimira Canada, ndipo lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 linatsamira pa panganolo. Chigawo cha Missouri chinakasuma, koma mu 1920 khoti lalikulu linagamula mokomera boma, poona kuti mbalamezi zimangodutsa m'chigawo, si zake. Mapangano ena anatsatira: Mexico mu 1936, Japan mu 1972 ndi Soviet Union mu 1976.

Limaletsa chiyani?

Kupha, kugwira, kugulitsa kapena kusunga mbalamezi, mazira, zisa ndi nthenga zake popanda chilolezo. Mitundu yoposa 1,000 ili pa mndandanda. Ngakhale nthenga yongotola pansi siloledwa, chifukwa wopha mbalame naye angati anangotola.

Ndiye kuti ulenje unatheratu?

Ayi. Abakha ndi atsekwe amasakidwa pa nyengo yoikika, ndipo pali malire a chiwerengero.

Bwanji ngati kampani yapha mbalame mosafuna?

Apa ndiye pagona mkangano. Mafuta atatayikira m'nyanja ya Gulf of Mexico mu 2010, kampani ya BP inalipira chindapusa cha madola 100 miliyoni pa lamuloli. Mu 2017 boma linati lamuloli limakhudza opha mwadala okha, koma mu 2021 boma lina linabweza maganizowo. Ine ndili kumbali yoti makampani aziyankha mlandu, chifukwa mawaya a magetsi ndi maenje a mafuta osavundikira amapha mbalame chaka ndi chaka, pomwe njira zopewera zimenezi zilipo ndipo zimadziwika.